Gary Hocking, katswiri wa m'Chitaganya amene ife sitinamuombere m'manja

Pa 6 Julaye 1958 khwimbi la anthu linasefukira pabwalo la ndege la Chileka kudzachingamira Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene ankabwera kudzaphwasula Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kwa Kuntaja nkhani imeneyi sisowa woifotokoza, poti alipobe agogo amene anaima padzuwa tsiku limenelo. Chaka chomwecho, kutsidya lina la Chitaganya chomwecho, mnyamata wachizungu wa zaka 20 ananyamuka ku Bulawayo kupita ku Ulaya kukayesa mwayi pa mpikisano wa njinga zamoto. Patangotha zaka zitatu anali atatenga zikho ziwiri za dziko lonse lapansi m'chaka chimodzi. Chaka chotsatira anali m'manda. Dzina lake anali Gary Hocking, ndipo pa mindandanda yambiri ya akatswiri a masewerawa, pambali pa dzina lakelo amaikapo mbendera ya Chitaganya, dziko limene Nyasaland anakankhidwiramo asakufuna.

Kuno dzina limeneli silinamveke, ndipo panalibe chifukwa choti limveke. Pamene Hocking ankayamba kutchuka mu 1959, makolo athu anali pa moto wina. Pa 3 Malichi chaka chimenecho boma linalengeza za chipwirikiti, Kamuzu anakwezedwa ndege pa Chileka pomwepa kupita kundende ya Gwelo, ndipo amuna ambiri a chipani cha Congress anakatsekeredwa kundende ya Khami, kunja kwa Bulawayo, mzinda womwe Hocking anakuliramo. Munthu amene mwamuna wake ali ku Khami sangatchere khutu kuti amve mzungu wa ku Bulawayo wapambana ku Sweden. Koma lero njinga yamoto ndi imene ikutinyamula kupita kumsika, kuchipatala ndi kumaliro, ndipo mbiri ya makina amenewa inadutsa m'manja mwa anyamata ochepa a ku Rhodesia amene anaikapo moyo wawo. Mpake kuti tiwadziwe.

Gary Stuart Hocking anabadwa pa 30 Sepitembala 1937 ku Caerleon, pafupi ndi Newport m'dziko la Wales. Makolo ake anasamukira ku Southern Rhodesia iye akadali mwana, ndipo anakulira ku Bulawayo, kumene anzake anamupatsa dzina loti Sox. Bulawayo wa nthawi imeneyo unali mzinda wa sitima zapamtunda ndi mafakitale, wodzaza ndi amisiri a zitsulo. Unalinso wodzaza ndi anthu akwathu. Ena anapita pa Mthandizi, ena anapita okha wapansi kudzera ku Tete, nakakhala ku Makokoba ndi ku Mzilikazi, kumagwira ntchito m'makhitchini, m'magalaja ndi kunjanji. Pobwera kumudzi ankabweretsa njinga zakapalasa, makina osokera, masuti ndi magitala. Banja la a Kachamba a kwa Singano linakhalako ku Salisbury kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo nyimbo za kwela zimene Daniel ndi Donald anatchuka nazo mpaka ku Ulaya anazitola kumeneko. Mpikisano wa njinga zamoto wokha palibe anabwera nawo, chifukwa unali kuseri kwa mpanda wa tsankho. Makalabu ake anali a azungu, ndipo mtengo wa njinga imodzi yothamangitsa unali wosayerekezeka ndi malipiro a munthu woyenda ndi chitupa. Akulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Apa ena anayamba anzawo atamangidwa miyendo.

Anyamata achizungu a ku Rhodesia ankayambira pa mabwalo a udzu ndi fumbi, kumene njinga imaterereka pokhota paliponse ndipo wokwera amaphunzira kuigwira ikamapita cham'mbali. Amene anatsegula njira anali Ray Amm, wobadwira ku Salisbury mu 1927. Iyeyu anapita ku Ulaya mu 1951, kampani ya Norton n'kumutenga, ndipo mu 1953 anapambana mipikisano iwiri ikuluikulu ya pachilumba cha Isle of Man m'sabata imodzi, wa 350cc ndi wa 500cc. Mu 1954 anapambananso wa 500cc, mpikisano umene anauimitsa panjira chifukwa cha mvula ndi nkhungu. Ankadziwika ndi kuyendetsa kosaopa, moti oonerera ankagwira mtima m'manja akamadutsa. Mu 1955 anasamukira ku kampani ya ku Italy ya MV Agusta, ndipo pa mpikisano wake woyamba pa njinga ya kampaniyo, ku Imola pa 11 Epulo, anagwa n'kufa. Hocking anali ndi zaka 17 pamene uthengawo unafika ku Rhodesia. Sunamubweze m'mbuyo.

Kuti timvetse zimene anyamatawa ankadziikamo, tiyenera kuiwala zimene timaona pa kanema lero, mabwalo osalala okhala ndi mchenga woti wogwa atsetserekeremo. Mpikisano wa dziko lonse unayamba mu 1949, ndipo m'zaka zoyambirirazo mipikisano yambiri inkachitikira m'misewu wamba imene angoitseka tsiku limenelo. M'mbali mwake munali makoma a miyala, mitengo, mapolo a magetsi ndi nyumba za anthu. Chipewa chinali kambale kophimba pamwamba pa mutu pokha, nkhope ili pamtunda, magalasi okha m'maso. Chovala chinali chikopa chimodzi chopyapyala. Matayala anali ang'onoang'ono, mabuleki ake a dilamu, otentha msanga. Poyamba mpikisano injini inkakhala yozima. Mbendera ikagwa, aliyense ankathamanga akukankha njinga yake, ikalira n'kudumphirapo. Magulu anali a 125cc, 250cc, 350cc ndi 500cc, ndipo munthu mmodzi ankatha kupikisana m'magulu awiri kapena atatu tsiku limodzi. Amene analibe kampani yowalipira ankayenda m'timagalimoto tonyamula katundu kuchoka dziko lina kupita lina, kugona m'matenti, kukonza okha injini usiku, n'kumadya ndalama zochepa zimene okonza mpikisano ankapereka kwa aliyense wofika pamzere woyambira.

Hocking analowa m'moyo umenewu mu 1958. Njinga yake inali Norton Manx ya silinda imodzi, njinga ya anthu odzilipirira okha. Kutsogolo kunali MV Agusta ya masilinda anayi, imene inatsala yokha pamwamba makampani ena a ku Italy, Gilera, Moto Guzzi ndi Mondial, atasiya mipikisano kumapeto kwa 1957. Wokwera wake wamkulu anali John Surtees wa ku England, ndipo panthawiyo aliyense ankangolimbirana malo a kumbuyo kwa MV. Ku Nürburgring m'dziko la Germany, msewu wa m'mapiri wautali makilomita oposa 20 umene alendo amatenga zaka kuti auloweze, mnyamata wosadziwikayu anamaliza wachitatu, kumbuyo kwa njinga ziwiri za MV zokha. Reg Dearden, wamalonda a njinga zamoto wa ku Manchester, anamutenga n'kumupatsa ma Norton atsopano a 350cc ndi 500cc.

Chaka cha 1959 ndicho chimandisangalatsa kwambiri m'mbiri yake, chifukwa chinaonetsa kuti luso linali mwa munthuyo, osati m'chitsulo chokha. Ku East Germany, dziko la chikomyunizimu, m'tauni ya Zschopau munali fakitale ya MZ, ndipo m'menemo munali injiniya wotchedwa Walter Kaaden. Panthawiyo akatswiri ambiri ankanyoza injini ya two-stroke, ija imene mafuta ake amasakaniza ndi oyilo, kuti ndi ya tinjinga totchipa topitira kuntchito. Kaaden anamvetsa bwino kuti ekizozi ikapangidwa motupa pakati n'kupanikizika kumapeto, mphepo yotuluka imabwerera ngati funde n'kukankhira mafuta amene akadatayika kubwerera mu silinda, pa nthawi yake yeniyeni. Kainjini kakang'ono kanayamba kutulutsa mphamvu zodabwitsa. Chinkasowa ndi munthu woti akagwire, chifukwa mphamvu zake zinkabwera mwadzidzidzi ndipo pisitoni inkatha kugwira nthawi ina iliyonse, tayala lakumbuyo n'kuuma pakati pa liwiro. MZ inapatsa Hocking njinga ya 250cc. Anapambana nayo ku Sweden ndi ku Ulster, n'kumaliza chakacho ali wachiwiri pa dziko lonse, kumbuyo kwa Carlo Ubbiali wa MV. Nzeru za Kaaden zija zinadzafika ku Japan mu 1961 pamene wokwera wa MZ, Ernst Degner, anathawa kwawo n'kulowa Suzuki, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Count Domenico Agusta, mwini wake wa MV, anali munthu wachuma cha ndege ndi mahelikoputala, ndipo sankakonda kuona njinga zake zikugonja. Njira yake inali yachidule: amene wakugonjetsa, mulembe ntchito. Fakitale ya ku East Germany, yokhala ndi ndalama zosagwira ntchito kunja kwa dziko lawo, sikanalimbana naye. Mu 1960 Hocking anakwera MV m'magulu atatu, ndipo m'magulu onse atatuwo anamaliza wachiwiri: kumbuyo kwa Ubbiali pa 125cc ndi 250cc, kumbuyo kwa Surtees pa 350cc. Chaka chomwecho anapambana koyamba ku Isle of Man, pa 250cc. Kumapeto kwa chaka Ubbiali anapuma ali ndi zikho zisanu ndi zinayi, Surtees anapita ku mipikisano ya magalimoto, ndipo mpando unatsala wa mnyamata wa ku Bulawayo.

Mu 1961 kampaniyo inalengeza kuti yasiya mipikisano, koma njinga zinaperekedwabe kwa Hocking zitalembedwa kuti MV Privat, ngati kuti ndi zake, amakaniko a fakitale ali pambali. Pa mipikisano khumi ya 500cc anapambana isanu ndi iwiri: ku West Germany, France, Netherlands, Belgium, East Germany, Ulster ndi Sweden. Pa 350cc anapambana inayi. Zikho zonse ziwiri zinapita ku Rhodesia, iye asanakwanitse n'komwe zaka 24 pamene ambiri mwa mipikisanoyi ankaipambana. Inali miyezi yomweyo imene kuno anthu ankakonzekera chisankho cha Ogasiti 1961, chimene Malawi Congress Party inapambana n'kuyamba kukumba manda a Chitaganya.

Alipo amene amati zikho za 1961 zinali zophweka, poti njinga yake inalibe inzake. Mawuwa ali ndi choonadi chake. MV Agusta inatenga chikho cha 500cc zaka 17 zotsatizana, kuyambira 1958 mpaka 1974, ndipo aliyense amene anakhala wokwera wake wamkulu anavala ulemu. Koma muyeso wabwino wa Hocking ndi Mike Hailwood, amene ambiri mpaka lero amamutcha katswiri woposa onse amene anakwerapo njinga. Hailwood anali mwana wa mpondamatiki wogulitsa njinga zamoto ku Oxford, ndipo anayamba mpikisano ali ndi chilichonse chimene ndalama ingagule. Mu Juni 1961 anapambana mipikisano itatu ku Isle of Man m'sabata imodzi, kuphatikizapo wa 500cc, umene Hocking anasiyira panjira njinga itamuvuta. Count Agusta anachita zake zija: pofika Sepitembala Hailwood anali pa MV. Kuyambira pamenepo awiriwa anali pa njinga zofanana, ndipo Hocking sanaoneke wochepa. Ankasinthana kupambana, nthawi zina kusiyana kwake masekondi owerengeka pambuyo pa maola awiri. Munthu amene waima phewa ndi phewa ndi Hailwood pa makina ofanana sanganenedwe kuti ananyamulidwa ndi njinga.

Tsopano tifike pachilumba chija, chifukwa ndi pamene nkhaniyi inakhotera. Isle of Man ili pakati pa England ndi Ireland, ndipo mpikisano wake, wotchedwa TT, unayamba mu 1907. Msewu umene amagwiritsa ntchito kuyambira 1911 ndi wozungulira, wautali makilomita 60 ndi pang'ono, pafupifupi mtunda wochoka mu Blantyre kudutsa Lunzu ndi Lirangwe kukafika pa Zalewa. Umadutsa pakati pa tauni, m'midzi, pamilatho yopapatiza imene njinga imauluka, kenako n'kukwera phiri la Snaefell kumene nkhungu imatha kutsika dzuwa likuwala kumunsi. Mokhota ndi moposa 200. Okwera sanyamuka onse pamodzi. Amawatulutsa motsatizana, ndipo aliyense amalimbana ndi wotchi. Munthu amayenera kuloweza msewu wonsewo pamtima, kudziwa kuti kuseri kwa khoma ili kuli chiyani asanakuone, chifukwa pa liwiro limenelo ukaona kaye ndiye kuti wachedwa. Anthu oposa 250 afera pamsewu umenewu chiyambire.

Mu Juni 1962 Hocking anafika pachilumbacho ali katswiri wa dziko lonse. Mnzake wapamtima m'gulu la okwerawo anali Tom Phillis wa ku Australia, munthu wofatsa amene chaka chapitacho anapatsa kampani ya Honda chipambano chake choyamba pa mpikisano wa Grand Prix, ku Spain, n'kutenganso chikho cha 125cc. Honda inali itayamba kusuzumira m'magulu akuluakulu, ndipo pa mpikisano wa 350cc, pa 6 Juni, inapatsa Phillis njinga ya 285cc kuti athamangitse ma MV awiri aja. Pa ulendo wachiwiri wozungulira, pamalo otchedwa Laurel Bank pamene msewu umapanikizika pakati pa thanthwe ndi mtsinje, Phillis anagwa n'kumwalira. Anali ndi zaka 28, ndipo anasiya mkazi ndi ana aang'ono. Mpikisano sunaime. Hailwood anapambana, Hocking wachiwiri, kusiyana kwawo masekondi osakwana asanu ndi limodzi pa mtunda wa makilomita oposa 360.

Patapita masiku awiri, Lachisanu, panali mpikisano waukulu wa 500cc. Hocking anakwera, napambana. Anazungulira kasanu ndi kamodzi m'maola awiri ndi mphindi khumi ndi imodzi, liwiro lake likapimidwa lonse linali makilomita 166 pa ola, kuwerengera ndi mokhota momwe ndiponso nthawi yothira mafuta. Chinali chipambano chake cha 19 pa Grand Prix, ndipo chinali chomaliza. Atatsika pa njingayo sanakwerenso pa mpikisano wa Grand Prix. Anauza Count Agusta kuti wasiya, chaka chili pakati, chikho chachitatu ndi chachinayi zili poti akanatha kuzitenga, n'kubwerera ku Rhodesia. Anali ndi zaka 24.

Okonda masewerawa amakamba kwambiri za kulimba mtima kwa amene amapitiriza mnzawo atagwa. Ine ndimaona kuti chimene Hocking anachita chinali chovuta kuposa pamenepo. Panthawiyo imfa inali mbali ya ntchito, ndipo wokwera amene wanena poyera kuti zakwana ankaoneka ngati wafooka. Iye anayamba wapambana kaye mpikisano woopsa kuposa yonse, kuti pasakhale wonena kuti wathawa chifukwa cha mantha, kenako n'kuchoka. Vuto linali loti chimene anasiya ndi njinga, osati liwiro. Anaganiza kuti m'galimoto, munthu atazunguliridwa ndi zitsulo, ndi motetezeka. Surtees anali atadutsa kale njira yomweyo ndipo zinkamuyendera, moti mu 1964 anadzatenga chikho cha Formula One ndi Ferrari. Ku Bulawayo komweko kunalinso John Love, amene anayambira pa njinga n'kusamukira ku magalimoto.

Hocking anagula galimoto ya mpikisano ya Lotus, ndipo luso lija linaonekeranso nthawi yomweyo. Miyezi yomaliza ya 1962 anapambana ku Kyalami pafupi ndi Johannesburg, napambananso Grand Prix ya Rhodesia pabwalo la Kumalo kwawo ku Bulawayo. Rob Walker, mwini timu imene Stirling Moss ankayendetsera asanavulale chaka chomwecho, anamupatsa Lotus 24 kuti apikisane nayo m'mipikisano ya ku South Africa ya mwezi wa Disembala. Pa 21 Disembala 1962, akuyeserera mpikisano wa Natal Grand Prix pabwalo la Westmead pafupi ndi Durban, galimotoyo inachoka mumsewu ili pa liwiro lalikulu n'kugubuduzika. Anamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 25, patangotha miyezi isanu ndi umodzi chisiyireni njinga. Anakamuika ku Newport, kwawo kobadwira. Magalimoto a nthawi imeneyo analibe malamba, ndipo woyendetsa ankakhala pakati pa matanki a petulo. Chitetezo chimene ankachifuna munalibe.

Amene anatsala kunyamula dzina la Rhodesia anali mnzake wa ku Bulawayo, Jim Redman. Iyeyu anabadwira ku London mu 1931, nasamukira ku Rhodesia mu 1952, ndipo analibe moto wa Amm kapena mphatso yoonekeratu ya Hocking. Anali munthu wowerengera, wokhulupirira kuti mpikisano uyenera kupambanidwa pa liwiro lochepa limene lingakwanire kupambana, osapitirira. Mwayi wake wa Honda unabwera mu 1960 ku Assen m'dziko la Netherlands, Phillis atavulala poyeserera. Mu 1962 Honda inataya Phillis mu Juni ndi Bob McIntyre wa ku Scotland mu Ogasiti, ndipo katundu yense anagwera Redman. Anatenga zikho za 250cc ndi 350cc chaka chimenecho, n'kubwerezanso mu 1963, kenako cha 350cc mu 1964 ndi 1965. Zonse pamodzi zisanu ndi chimodzi, ndi zipambano 45 za Grand Prix. Mu 1964 ku Assen anapambana mipikisano itatu tsiku limodzi. Anasiya mu 1966 atavulala ku Belgium, koma anachoka ndi moyo wake n'kukalamba. Pa anyamata atatu a ku Rhodesia aja, wochenjera ndi amene anatsala.

Apa ndi pamene nkhaniyi imatipeza ife. Soichiro Honda, mwini kampani ya Honda, sanatumize njinga zake ku Isle of Man mu 1959 chifukwa chokonda zikho zokha. Panthawiyo katundu wa ku Japan ankanyozedwa kuti ndi wosalimba, ndipo mpikisano unali njira youzira dziko lonse kuti injini zake zikhoza kuzungulira mofulumira kuposa za azungu osasweka. Zipambano za Phillis, Hailwood ndi Redman zinagulitsa njinga mamiliyoni, ndipo m'zaka zosakwana makumi awiri makampani a ku England monga Norton anali atagwada. Ndi chifukwa chake mthuthuthu umene mlangizi wa zaulimi, wazaumoyo kapena wansembe ankabwera nawo m'midzi ya kuno m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 unali Honda, Yamaha kapena Suzuki. Mu 1975 Honda inatulutsa CG125, njinga imene anaipangira dala maiko ngati athu, kumene oyilo sasinthidwa pa nthawi yake, fumbi ndi lambiri ndipo katundu amapitirira muyeso. Mafakitale a ku China anadzatengera injini imeneyo n'kuichulukitsa pa mtengo wotsika, ndipo zambiri mwa njinga zimene zaima pa siteji pa Chileka, pa Lunzu kapena pa Lirangwe ndi zidzukulu zake.

Njingayo inafika, ndipo yasintha moyo. Mayi wa kutsidya kwa Michiru kapena wa kunjira ya ku Mpatamanga, kumene minibasi safika nthawi ya dzinja, lero amafika kuchipatala tsiku lomwelo. Tomato ndi nkhuku zimafika pamsika zisanafooke. Anyamata ambirimbiri amene akanakhala pakhomo akudyetsa mabanja ndi kabaza. Chimene sichinafike limodzi ndi njingayo ndi mwambo wake. Anthu amaganiza kuti wopikisana ndi munthu wosasamala, pamene zoona zake n'zakuti palibe woyendetsa wosamala kuposa iye. Hocking asanathamange pa Isle of Man ankatha masiku akuyeserera, msewu uli wotseka, kopanda galimoto yobwera kutsogolo, kopanda mbuzi kapena mwana wodumpha msewu, njinga itayang'anidwa nati iliyonse, iye ali yekha pampando. Ngakhale zinali choncho anzake ankafa. Mnyamata wathu amaphunzira masana amodzi pabwalo la mpira, mawa lake ali pa M1 pakati pa mathiraki opita ku Mwanza, atakweza anthu awiri ndi thumba la chimanga, kuphazi kuli patapata, chipewa chili pa handulo. Zotsatira zake azachipatala a ku Queen Elizabeth Central Hospital amazidziwa bwino kuposa ine.

Chinanso chimene sitinatengere n'chakuti chitetezo cha masewerawa anachimenyera nkhondo ndi okwera eni ake, osati akuluakulu a m'maofesi. Mu 1972 Gilberto Parlotti wa ku Italy atafera ku Isle of Man, mnzake Giacomo Agostini, amene anali katswiri wa MV nthawi imeneyo, ananena kuti sadzapondanso pachilumbacho, ndipo ena anamutsatira. Mu 1973 Jarno Saarinen ndi Renzo Pasolini anafa pangozi imodzi ku Monza. Okwera anayamba kukana misewu yokhala ndi makoma ndi zitsulo m'mbali, ndipo pambuyo pa 1976 TT inachotsedwa pa mndandanda wa mipikisano ya dziko lonse, ngakhale kuti imachitikabe payokha chaka ndi chaka. Zipewa zophimba nkhope yonse, zovala zokhala ndi zotetezera msana, madokotala odikira pambali pa bwalo, zambiri mwa izi zinafala pamene anthu okwera njinga anayamba kugwirizana n'kukana. Zimene Hocking anachita yekha mu 1962, n'kuoneka wachilendo, patapita zaka khumi anazichita gulu lonse. Mabungwe a akabaza amene amatolera ndalama pa siteji tsiku ndi tsiku ali ndi mphamvu yofananayo pa mamembala awo, atafuna kuigwiritsa ntchito pa maphunziro ndi zipewa.

Chigawo chino cha Africa sichinasiye kutulutsa akatswiri Chitaganya chitatha pa 31 Disembala 1963. Kork Ballington, wobadwira ku Salisbury mu 1951 koma wokulira ku Natal, anatenga zikho za 250cc ndi 350cc pa Kawasaki mu 1978 ndi 1979. Jon Ekerold wa ku South Africa anatenga cha 350cc mu 1980 popanda fakitale yomuthandiza. Brad Binder wa ku Potchefstroom anatenga cha Moto3 mu 2016, ndipo mu 2020 anapambana mpikisano wa MotoGP ku Brno pa njinga ya KTM. Onsewa ndi azungu, ndipo onse anachita kupita ku Ulaya kuti aoneke, monga anachitira Hocking mu 1958. Mpikisano wa Grand Prix womaliza kuchitikira mu Africa unali wa ku Welkom m'dziko la South Africa mu Epulo 2004, umene Valentino Rossi anapambana pa ulendo wake woyamba ndi Yamaha. Kuchokera chaka chimenecho sunabwerenso.